Gogoda pa Girini

Mzinda uja unali ndi mabwalo a gofu atatu a khonsolo, oti aliyense akhoza kulowamo, ndipo a Kadzenje anagwira ntchito pa onse atatu kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi. Dzinali anawapatsa ndi osewera, chifukwa m'mawa uliwonse, mame asanakamuke, ankaboola dzenje latsopano pa girini iliyonse n'kutseka lakale. Girini ndi kapinga wosalala uja wozungulira mbendera, pamene kampira kamagubuduzika kasanagwere m'dzenje. Akazi awo, amene msewu wonse unkawatchula kuti Atelala, anali asanapondepo pa bwalo ngakhale limodzi. Ankati munthu wamkulu kumalondola kampira kochepa ngati dzira n'kusowa chochita.

Sitiroko inawagwira a Kadzenje Lachiwiri lina akumanga zingwe za nsapato. Anagona kuchipatala masabata atatu, n'kubwerako mwendo wakumanzere ukukhwekhwerezeka, dzanja litapindika. Kulankhula ankatha, koma sankafuna. Anasankha mpando wa pakona ya pabalaza, pakati pa makina osokera ndi zenera, ndipo ankakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, maso ali pa kalendala.

Wa mafizo kuchipatala, mayi wamfupi wosadziwa kuzungulira nkhani, anawaitanira Atelala pambali.

"Amayi, mwendowu ndi wamoyo. Koma akapanda kuuyendetsa miyezi iwiri ikubwerayi uuma, ndipo mpando uja ndiwo ukhala kwawo. Aziyenda tsiku lililonse, ngakhale mapazi makumi awiri."

"Ndikawauza."

"Kuwauza ndawauza kale ine. Inu muwayendetse."

Atelala anayesa zimene ankadziwa. Anaika tiyi patebulo lakutali, tiyi anazizira pomwepo. Anasamutsira wailesi kuchipinda, a Kadzenje anakhala opanda wailesi. Mwana wawo wamkazi anatumiza ndodo yoyendera ya miyendo inayi, bambo ake anapachikapo chipewa. Ulendo umene ankavomera unali wa kuchimbudzi wokha, dzanja lina paphewa la akazi awo, lina pakhoma.

"Tiyeni tikafike pageti pokha, bambo."

"Mumsewu sindituluka. Anthu azindionera ndikuyenda ngati nkhanu?"

Masabata atatu anatha choncho.

Lamlungu lililonse masana kunkabwera mlongo wawo wa Atelala, dalaivala wa basi wopuma ntchito, amene ankasewera gofu ndi ndodo zisanu zogula pakaunjika. Iye ndi mlamu wakeyo anakangana zaka zambirimbiri za bwalo loposa linzake, ndipo mkanganowo unali ndiwo ubale wawo. Tsopano Adalaivala ankauputa dala.

"Alamu, ndinali ku bwalo la kuphiri dzulo. Magirini ake ngati galasi. Lakunjanji limene mumalitama lija lasanduka podyera mbuzi."

"Kaya," anatero a Kadzenje.

Adalaivala anatsatira mlongo wawo kukhitchini akupukusa mutu.

"Achemwali, munthu uyu kale ndikanena zimenezi ankandithamangitsa ndi tsache. Lero akuti kaya."

Atelala anali akutsuka makapu. Anatseka mpopi.

"Akuopa maso a mumsewu. Ndiwatengera kumene anthu amayang'ana kampira, osati mwendo wa mnzawo. Tandiuza, pa mabwalo atatuwa labwino ndi liti?"

Adalaivala anakoka mpando. Anayamba ndi mphepo ya kuphiri, mmene imakhotetsera mpira pa dzenje lachisanu ndi chiwiri, kenako dziwe la pa bwalo la kumtsinje limene linawadyera timipira tosawerengeka.

"Ndafunsa koti munthu wodwala mwendo ayendeko, osati ulaliki. Kuphiriko kuli masitepe?"

"Masitepe? Mwina alipo."

"Chimbudzi chili pati?"

"Ine ndimangopita kuseri kwa mitengo."

"Zaka makumi awiri ukusewera. Basi, ndikaona ndekha."

Lolemba Atelala anasiya a Kadzenje ndi mayi wa nyumba yoyandikana nayo, n'kukwera mabasi awiri kupita kuphiri. Kukongola kokha analivomereza bwalolo. Mzinda wonse unkaoneka m'munsi, madenga ali waliwali, ndipo kapinga wake anali ngati veleveti amene makasitomala amangomusisita osagula. Pakhonde panali mipando yoyera ndi maluwa m'miphika. Koma kuchokera poimika magalimoto kukafika poyambira masewera panali masitepe makumi anayi ndi awiri, opanda chogwira. Benchi yoyamba anaipeza atakwera chitunda china, iwo eni akupuma wefuwefu. Mayi wa mu ofesi anali waulemu, anawapatsa madzi ozizira, nawauza kuti okalamba amabwereka timagalimoto ting'onoting'ono toyenda pa udzu.

"Amangokhala pansi, kagalimoto n'kumawayendera."

"Wokhala pansi ndili naye kale kunyumba," anatero Atelala. "Zikomo madzi."

Lachitatu anapita kumtsinje. Kumeneko mtima unayamba wakhala pansi. Bwalo linali lafulati ngati tebulo lodulirapo nsalu, mitengo ya mthunzi mbali zonse, mabenchi opaka utoto, ndipo m'chimbudzi munali mpaka sopo. Mbalame zoyera zinkayenda m'mbali mwa dziwe osaopa munthu. Koma atangopatuka m'kanjira ka simenti, phazi linalowa m'nthaka mpaka m'kakolo. Ndodo ya miyendo inayi ikanatsala momwemo ngati yodzala. Osewera ake anali a m'maofesi, othamangira nthawi, okuwa munthu akachedwa kutsogolo kwawo. Kampira kena kanawadutsa pakhutu kali fyuu, ndipo mlonda anabwera akuthamanga kudzawauza kuti osasewera sadutsa chingwe.

Lachisanu, miyendo ikuwawa kale, anapita kunjanji. Basi inawatsitsa pageti penipeni. Bwalo limeneli silinali loti n'kulijambula. Mayenje anali asanu ndi anayi okha, pamene enawo anali ndi khumi ndi asanu ndi atatu. Waya wa mpanda anali wadzimbiri, udzu wosakanikirana ngati bulangete la zigamba, ndipo sitima ikamadutsa aliyense ankaima, ndodo m'mwamba, kudikira phokoso lithe. Koma nthaka inali yolimba, yamchenga, yosamiza phazi. Osewera anali aphunzitsi opuma ntchito, manesi awiri akadali m'yunifolomu, ndi bambo wina wonenepa wophika buledi amene ankaseka yekha akaphonya. Panalibe wothamangitsa mnzake. Pa dzenje lililonse panali benchi yochindikala ya matabwa akale a njanji, ndipo girini yomaliza inali pafupi ndi poimika magalimoto. Atelala anayeza ndi mapazi awo, anakwana makumi anayi.

Pa girini imeneyo panali mayi wamtali wovala majombo, atagwira chitsulo chachitali chokhala ndi zogwirira ziwiri. Atelala anamuzindikira. Anali Kapitawo wa bwalolo, yemwe uja anabwera kawiri kudzazonda matenda, a Kadzenje n'kunamizira kugona.

"Amayi, mwafika kuno? Abambo ali bwanji?"

"Ali pampando. Mabenchi awa anaika ndani?"

"Iwo omwewo. Anapempha matabwa kunjanji, tinanyamula tokha pa wilibala. Ankati munthu wokalamba asamasiye gofu chifukwa chosowa pokhala."

Atelala anayang'ana benchi ija nthawi yaitali ndithu. Kunyumba nkhani imeneyi inali isanafikeko.

"Tandionetsa ntchito yawo ija."

Kapitawo anazika chitsulo chija mu kapinga, nachipotoza, nachizula chitanyamula chibuma chozungulira, udzu pamwamba, dothi pansi. Ilo linali dzenje latsopano. Chibumacho anakachilowetsa m'dzenje ladzulo, nachiponda pang'onopang'ono mpaka chinafanana ndi pozungulira.

"Chisatumphuke, chisalowenso kwambiri. Ndiponso udzu umagona mbali imodzi. Chibuma chizigona kumene anzake agona."

"Ngati chigamba pa nsalu ya mizere," anatero Atelala. "Ukachitembenuza, munthu amachiona ali kutsidya kwa msewu."

"N'chimodzimodzi. Ine ndili wophunzira ndinatembenuzapo kamodzi. Abambo sanandilankhule masiku awiri."

Atelala anakhala pa benchi, navula patapata n'kukutumula mchenga.

"Mawa m'mawa uchitembenuzenso," anatero. "Pano pomwe, poti abambo aone ali m'galimoto. Uchisiyenso chotumphuka. Ngati pali cholakwa china choposa chimenechi, uwonjezere."

Kapitawo anaseka mpaka anagwira pamimba. Anati akaikanso mbendera pamalo otsetsereka, poti kampira sikangaime.

Loweruka m'mawa Atelala analengeza kuti apopera mankhwala a mphemvu m'nyumba monse, ndipo palibe munthu wotsala mkati kwa maola atatu. Sanali kunama, anapoperadi. A Kadzenje anang'ung'udza, koma fungo linawatulutsa. Adalaivala anawakhazika kutsogolo m'kagalimoto kawo kokalamba, ndodo ya miyendo inayi n'kuiponya kumbuyo. Atelala anavala diresi la buluu ndi nsapato za gogoda, ambulera m'manja, chifukwa pobwerera ankafuna kukapereka suti kwa kasitomala, ndipo iwo kwa kasitomala sankapita ndi patapata.

Galimoto itakhota pageti la kunjanji, a Kadzenje anatembenuza mutu.

"Kuno tadzatani?"

"Kudikira mphemvu zife. Simutsika ngati simukufuna."

Adalaivala anaimika galimoto itayang'ana girini, nazimitsa injini. Kapinga anali atangothiriridwa kumene, akunyezimira. Kapitawo anabwera ndi chitsulo chake. Anaboola dzenje potsetsereka penipeni, nazikapo mbendera. Kenako anatenga chibuma, nachizungulitsa m'manja mwadala, nachiika m'dzenje lakale chitatumphuka ngati bulu pa mbale.

Atelala, ali kumbuyo, ankayang'ana khutu ndi nsagwada za amuna awo. Nsagwada zinagwedera kamodzi.

"Mwapangana," anatero a Kadzenje.

"Tapangana chiyani?"

"Mwana uja ndinamuphunzitsa ndine. Chibuma chotembenuza sangaike ngakhale ataledzera. Ndiponso bwanji akungocheukira kuno? Alamu, lizani galimoto. Mphemvu zafa."

Adalaivala anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya mlongo wawo pagalasi anasanduliza kuseka kuja chifuwa.

Atelala anakumbukira zonse. Mabasi onse aja, masitepe aja, matope aja. Pa miyezi iwiri ija masabata anali atatsala anayi okha. Kulira pamaso pa amuna awiriwa sakanalola. Anatsegula chitseko, natsika, nachimenyetsa. Anaganiza zokamuuza Kapitawo kuti akonze zinthu zake, sewero latha. Ndipo monga munthu amene moyo wake wonse sanakonde njira zozungulira, analunjika pamene panali Kapitawo, kudutsa pakati pa girini.

Phazi loyamba, gogoda inalowa. Anaizula. Lachiwiri inalowanso. Anazika nsonga ya ambulera kuti asagwe, napitiriza, akuzula ndi kuzika, akutukwana chamumtima anthu othirira udzu ngati dimba. Kutsogolo Kapitawo anali atakweza manja onse awiri, kukamwa yasa. Wophika buledi uja anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa ngati pakudutsa maliro.

Kumbuyo hutala inalira. Inaliranso, kotalika. Atelala anatembenuka pa chidendene chimodzi kuti aone, ndipo chidendenecho chinapala kapinga n'kusiya chilonda.

"Mayi inu, imani pomwepo! Musasunthe!"

Mawu amenewo anali asanamveke chigwereni sitiroko. Chitseko chakutsogolo chinali chotsegula. Panatuluka mwendo wakumanja. Kenako dzanja labwino lija linagwira buluku pabondo lakumanzere, n'kuunyamula mwendo winawo ngati mtolo, n'kuuika pansi. Adalaivala anathamanga kuzungulira galimoto kuti awagwire m'khwapa.

"Ndisiyeni, alamu. Ndipatseni ndodo."

Atelala anaima njo pakati pa girini, zidendene zikumira pang'onopang'ono, osayerekeza n'komwe kupuma mokweza. A Kadzenje anaponya ndodo kutsogolo, naponda ndi mwendo wabwino, nakoka unzake. Anaponyanso. Nsapato yakumanzere inkalemba mzere mumchenga. Pakati pa ulendo anaima, thukuta lili kamukamu pamphumi. Benchi inali pomwepo, mkono umodzi kuchokera pamene anaima. Sanaiyang'ane n'komwe. Maso anali pa mabowo a m'kapinga.

Mmodzi wa manesi aja anadutsa akukoka chikwama cha ndodo.

"Mwadzuka bwanji a Kadzenje? Girini yachitatu yakusowani, kampira kakumadumpha ngati chule."

"Ndiiona," anayankha, osatembenuka.

Nesi anapitirira. Mwendo sanauyang'ane.

Anafika m'mphepete mwa girini naima pomwepo, chifukwa ndodo ya miyendo inayi nayonso ikanasiya mabowo. Anapuma kaye kangapo.

"Vulani."

Atelala anavula nsapato imodzi, kenako inzake, nazigwira m'manja pamodzi ndi ambulera. Kapinga anali wozizira ndi wofewa kumapazi ngati ubweya wa mwana wa mphaka.

"Zaka zonsezi muli pabanja ndi ine, simudziwa kuti pa girini sayendapo ndi misomali kumapazi?"

"Munandiuza liti?"

"Munandifunsa liti?"

Kapitawo anafika atatulutsa m'thumba kafoloko ka mano awiri, nagwada kuti ayambe kukonza.

"Ayi, mwana wanga. Wowononga ndiye akonze. Iwe pita ukachotse zamanyazi zako zija, mbendera ibwerere pamalo pake. Sewero lako silinakome."

"Ndamva, abambo," anatero Kapitawo, akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Kafoloko anawapatsa Atelala.

Atelala anapinda diresi la buluu lija, nagwada. Analowetsa kafoloko pansi pa bowo loyamba kuti alitukule.

"Osatukula. Mudula mizu. Lowetsani m'mbali, mukankhire udzu chapakati. Mbali inayo. Inayonso. Tsopano sindikizani ndi chikhatho."

Bowo linatsekeka ngati pamene asoka bwino malo odyedwa ndi njenjete. Atelala anaona kuti ntchitoyi manja awo ankaidziwa kale. Akanatha kumaliza mabowo onse tiyi asanawire. Koma anasuzumira chammbali, naona amuna awo ataima ndi miyendo yawo iwiri, padzuwa, pamaso pa anthu, akuloza ndi chibwano. Anachepetsa liwiro. Bowo lachitatu analitukula dala.

"Ndati osatukula. Makutu munasiya m'galimoto?"

"Pepani, bambo. Tanenaninso."

Adalaivala anabwera naima pambali pa mlamu wawo, manja kumbuyo, okonzeka kugwira koma osagwira.

"Kuphiri zoterezi sizingachitike, alamu. Kuli mlonda."

"Kuphiri n'kojambulitsa zithunzi. Pansi pa udzu uja pali mwala, mvula ikangodula mwezi umodzi mudzaona. Kumtsinje udzu umamera wokha, ngakhale inu mukhoza kukhala kapitawo. Kuno n'kumene kuli ntchito. Kapinga uyu tinadzala ndi manja pamchenga wokhawokha. Mayi, mwadumpha limodzi, kumanzere kwa bondo lanu."

Atelala anaweramitsa nkhope kwambiri kuti asaonedwe. Mumtima ankathokoza mosasankha: wa mafizo wosanyengerera uja, mlongo wawo ndi galimoto yake yolira paliponse, Kapitawo amene anadzichititsa manyazi pamaso pa osewera ake, nesi wodziwa poyang'ana, ngakhale akhonsolo amene sanawaonepo, amene anasiya malo awa otsegula m'malo momangapo masitolo. Sitima inadutsa, bwalo lonse linaima, ndipo iwo anapezerapo mpata wopukuta mphuno.

Mabowo anali makumi awiri ndi asanu ndi awiri, kuphatikizapo a ambulera. Atafika pa chilonda chija anapala potembenuka, a Kadzenje anapempha kuti awathandize kukhala pa benchi. Anakhala, nayang'ana chilondacho ali chapatali, akupukusa mutu.

"Apo foloko sichiza. Pafunika mchenga wosefa ndi madzi pang'ono m'mawa uliwonse, sabata yathunthu, mwina awiri."

"Kapitawo athira," anatero Atelala.

"Kapitawo ali ndi magirini asanu ndi anayi. Muthira ndinu. Ndipo poti inu simudziwa kusiyanitsa kapinga ndi chiguduli, ndiyenera kumabwera kudzaona."

"Ine ndili ndi zosoka, bambo."

"Zidikire. Alamu, mawa mutipeze dzuwa lisanakwere. Muimike galimoto kunja kwa geti, utsi wake ukuwononga udzu."

Kuchokera kunja kwa geti kudzafika pa girini panali mapazi oposa zana. Atelala anatsegula pakamwa kuti anene zimenezo, kenako anatseka, napukuta kafoloko pa diresi.